Ndakatulo Imene Idachotsa Atate Pamudzi

Ndikukumbukira chaka chimene ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri, chaka chimene amayi adatisiya mvula yoyamba itangogwa. Kwathu ndi ku Nambuma, kamudzi kotsikira kudambo, kumene belu la ku misheni limamveka bwino mphepo ikamachokera kum'mawa. Amayi adadwala masabata atatu okha. Tidawaika m'manda Lachiwiri, ndipo pofika Loweruka anthu adali kale m'minda kubzala, pakuti mvula sidikira wolira. Tidatsala atatu: atate, ine Felista, ndi mlongo wanga Yohane, amene adali asanasiye n'kuyamwa komwe.

Atate sadali a pamudzipo. Kwawo kudali ku Kabudula, ndipo kwathu adabwera chikamwini, monga amachitira amuna ambiri kuno: kutsata mkazi, kumanga nyumba pamalo a apongozi, kulima munda wa mkazi. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi ankhoswe amakhala pansi n'kumusudzula mwamunayo, ndiko kuti kumumasula kuti abwerere kwawo, akafuna akakwatire kwina. Ana sapita nawo. Ana ndi a mbumba ya amayi awo. Izi ndinkazidziwa bwino ngakhale ndidali mwana, ndipo chimwalirire amayi zinkandidetsa nkhawa tsiku ndi tsiku.

Mwayi wathu udali woti atsibweni anga a Sitefano, alongo awo a amayi, amene adali mwinimbumba, adali munthu wofatsa. Tsiku lometa adanena pamaso pa anthu onse kuti, "Alamu athu asathamangire. Akhale, alere ana, alime munda wa malemu. Za kusudzulana tidzakamba akadzafuna okha." Ine ndidamva mawu amenewo nditakhala kuseri kwa nkhokwe, mutu uli psiti, mphepo ikundilowa m'makutu. Ndidapuma. Koma ndidamvanso bwino kuti kukhala kwa atate kudali kochita kupatsidwa, ndipo chopatsidwa chimatha kulandidwa.

Mtsikana wa msinkhu wanga sagona m'nyumba ya bambo ake mopanda mayi, choncho ine ndi Yohane tidasamukira kwa mayi aang'ono, a Nambewe, mng'ono wawo wa amayi. Nyumba yawo idali pafupi, ungoponya mwala. Adali ndi ana awo anayi, ife tidakhala wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Ndinene pano mosapsatira, chifukwa zimene zikubwerazi zingakupusitseni: a Nambewe sadandimane kanthu. Chimene ankadya ana awo ndi chimene ndinkadya ine. Chitenje chawo chatsopano adachidula pakati kuti ndikhale ndi chofunda. Yohane adamuleketsa kuyamwa ali kumsana kwawo, akulira masiku ndi masiku, iwo akupalira naye m'munda. Adali mayi wapakamwa, wachangu, woti akamayenda mumangomva zidendene. Chimodzi chokha sankachita: sankatchula amayi. Ndipo padalibe amene ankawatchula. Ndikayamba kulira ankangoti, "Basi, Feli, misozi siukitsa munthu. Tenga ndowa upite kumjigo." Ine ndinkatenga ndowa.

Kusungulumwa kwa mtundu umenewu n'kovuta kukufotokoza kwa munthu amene sadakulawe. Pakhomo pali phokoso, ana akulimbirana mphasa, nkhuku zikulowa m'nyumba, wina akukuitana dzina, koma iwe uli wekhawekha ngati uli pansi pa chitsime. Ndinkafuna munthu woti andifunse kuti, kodi umawalota amayi ako? Ndinkawalota. Ndinkafuna kuuza wina kuti nkhope yawo yayamba kundithawa, kuti ndikatsinzina ndikuona mpango wawo wokha. Ndikanauza ndani? Aliyense adali ndi khasu m'manja.

Malo anga opumira adali chigafa cha atate, shedi yaudzu yoyanikamo fodya. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kumeneko kukawathandiza kusoka masamba. Atate adali munthu wa mawu awiri patsiku. Tinkakhala pansi, mulu wa fodya pakati pathu, zala zikumata ndi phula lakuda la fodyayo, fungo likutsamwitsa, osalankhulana. Nthawi zina ankangotulutsa chimanga chootcha m'thumba la jekete n'kundipatsa osandiyang'ana. Sankatchula amayi iwonso, koma chete wawo adali wofanana ndi wanga, ndipo zimenezo zinkandikwanira.

Chaka chimenecho ndidali Sitandade 7, ndipo Chichewa ankatiphunzitsa a Kamtedza, mnyamata wamtali wochokera cha ku Mpingu, wokonda ndakatulo ngati ndiwo. Akamalakatula ankavula magalasi, n'kumayenda pakati pa ife tili pansi, mawu akunjenjemera, mpaka anyamata akumbuyo ankatsinana kuti asaseke. Tsiku lina adatipatsa ntchito. "Aliyense alembe ndakatulo yake. Koma musandilembere za ukhondo wa m'chimbudzi ayi, ndatopa nazo. Lembani chimene chikukuwawani inuyo."

Ha! Munthu uja sadadziwe kuti watsegula chiyani. Ine ndidalemba kumapeto kwa kope la masamu, nthawi yopuma, nditatsamira khoma lakuseri kwa kalasi. Mawu ankangotuluka okha. Ndikamaliza mzere, pachifuwa pankapepukako pang'ono, ngati watula mtolo wa nkhuni kuti usinthe nkhata. Kadali koyamba chimwalirire amayi kuti ndinene chimene chidali mwa ine, ngakhale ndidauza pepala.

A Kamtedza atawerenga adandiitana. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Felista, iyi ndiye ndakatulo. Ulakatula tsiku lotsekera sukulu, makolo onse ali pompo."

Ine ndi mutu wanga waukuluwu ndidavomera pomwepo. Kunyada kudalipo, ndisaname. Koma ndidali ndi nzeru inanso, imene ndinkaiona ngati yakuya kwabasi. Ndidati, anthu akamva m'mene ndikuvutikira, atsibweni akamva, palibe amene adzayerekeze kuchotsa atate. Ndidawonjezeranso mizere iwiri kumapeto kuti nkhaniyo imveke bwino. Sindidauze munthu pakhomo. Ndinkafuna kuti zikawadzidzimutse, ndipo zidawadzidzimutsadi.

Tsikulo lidali lotsekera chigawo chachiwiri, Pasaka atayandikira. Tidatulutsa mabenchi n'kuwaika pansi pa mitengo ya kesha. Makolo adabwera ambiri, a m'midzi yonse yozungulira. Atsibweni adakhala kutsogolo chifukwa adali m'komiti ya sukulu. Atate sadabwere, fodya adali atafewa ndi chinyezi cha m'mawa ndipo sakadamusiya. A Nambewe adabwera atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, Yohane ali kumsana, m'manja muli kajumbo ka zitumbuwa zimene adandiphikira poti adamva kuti ndakhoza bwino. Atandiona ndikuimirira adamwetulira, n'kugwedeza mayi amene adali pambali pawo kuti, uyo ndi wathu.

Ndidaima pakati, manja kumbuyo, n'kukweza mawu monga adandiphunzitsira a Kamtedza.

Amayi agona kumsitu,
ine ndagona pamphasa ya eni.
Ndani andifunsa ngati ndakhuta?
Ndani aona misozi yanga ikagwera m'ndowa?
Mudzi wadzaza anthu,
koma ine ndiyenda ndekha ngati galu wosokera.
Ndiitana, andiyankha ndi ntchito.
Ndilira, andipatsa tsache.
Mthunzi wanga ndi umodzi, ndiwo atate,
musaudule, ndingapse ndi dzuwa.

Ndidamaliza. Kenaka amayi ena adati, "Mayo ine, mwana wamasiye!" Ena adaomba m'manja, a Kamtedza akutsogolera, nkhope ikuwala. Ine ndidayang'ana kumene kudali a Nambewe, kudikira kuti ndiwaone akulira chifukwa chondimvera chisoni. Ndidaona mitu. Mitu ya amayi a m'midzi ina yonse idali itatembenukira kwa iwo. Ndipo mayi wina wa kutsidya kwa dambo, wa mawu aakulu ngati a mwamuna, adafunsa mnzake mosabisa n'komwe kuti, "Kodi mwanayu samudyetsa, eti?"

A Nambewe adaimirira pang'onopang'ono. Adamangitsa Yohane kumsana, adapatsa mwana wawo wamkulu kajumbo ka zitumbuwa, n'kudutsa pakati pa anthu kulowera kumudzi. Sadathamange. Atsibweni adali atazyolika, akuyang'ana nsapato zawo. Pamenepo m'pamene ndidayamba kuona kuti ndapalamula mlandu, koma ndidali ndisanamvetsebe kukula kwake.

Kwathu kuno ukhoza kusauka, ukhoza kuyenda ndi zigamba, anthu sakuseka kwambiri. Koma kumveka kuti ukuzunza mwana wa m'bale wako womwalira, malemu asanathe n'chaka chomwe m'manda, imeneyo ndi mbiri yoti umapita nayo kumanda. Ndipo ine ndidailengeza pabwalo, mokweza, ndi manja kumbuyo.

Nditafika kunyumba ndidawapeza atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo osagwira kanthu. Ndidali ndisanawaonepo atakhala opanda chochita. Ndidayembekeza ndodo. Kalanga ine, bwenzi atangondimenya! Adandiyang'ana misozi ili lengelenge m'maso.

"Feli, ndakulakwira chiyani, mwana wa akulu anga? Mphasa ya eni? Ine ndine eni?"

Ndisanapeze choyankha, iwo adapukusa mutu, n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Ayi. Ayi, si iwe. Mwana sangaganize mawu otere. Akutuma ndi bambo ako. Akufuna akutengeni mupite ku Kabudula, ndiye ayambe andiipitsa ine kaye."

Pofika madzulo nkhani idali ponseponse. Kumjigo, kuchigayo, ngakhale ku mapemphero a mphakati. Amvekere mkamwini uja ndi madzi odikha, amvekere takhala tikumuona akunong'onezana ndi mwana m'chigafa. Kunong'onezana! Ife amene tinkatha tsiku lonse osatulutsa liwu.

M'mawa mwake ndidathamangira kuchigafa. Atate adali akukweza m'mwamba mikangala, timitengo topachikapo fodya. Adali atamva kale, ndidaonera m'mene adandiyang'anira. Adatsika, adakhala pachitsa, n'kunena kuti, "Tanenanso, ndimve nane."

Ndidalakatula pamenepo, pansi pa masamba ofiirira aja, mawu akuduka. Atate adamvetsera mutu uli pansi. Nditamaliza adandifunsa.

"Walemba wekha?"

"Eya, atate."

"Zonsezi zinali m'kati mwakomo, ine tili limodzi muno tsiku ndi tsiku?"

Ndidagwedeza mutu. Ndidaona dontho likugwera pabondo la buluku lawo. Pamaliro a amayi sindidawaone akulira, koma tsiku limenelo adalira, osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndidati, "Ndikawauza kuti simunanditume. Ndikabweretsa a Kamtedza, akachitire umboni." Iwo adangokweza dzanja. "Dikira. Ndiganize."

A Kamtedza adali atapita kale kwawo kutchuthi, osadziwa n'komwe moto umene adasiya. Atsibweni adatumiza uthenga kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti akumane Lamulungu lotsatira, Misa ikatha. Sabata yonseyo a Nambewe adandipatsa chakudya monga mwa masiku onse, koma osandiyang'ana m'maso. Akaona atate akubwera panjira ankalowa m'nyumba.

Lamulungu lija, tikuchokera kutchalitchi, atate adandikodola kuti tidzere kudimba. Titafika pakati pa mizimbe adaima.

"Feli, lero pabwalo paja usatsegule pakamwa. Chilichonse chimene ndinganene, iwe chete. Wamva?"

"Mukanena chiyani?"

"Kuti cholakwa ndi changa."

Ndidakuwa. Ndidali kamwana kamakani, ndipo tsiku limenelo makani onse adatuluka. "Koma ndi bodza, atate! Mwangolandira kumene Ukaristia! Akakuchotsani!"

"Za bodzalo ndikalapa kwa ansembe," adatero. "Tamvera. Amayi ako aang'ono mtima wasweka, ndipo ayenera kukhala ndi womukwiyira. Akadziwa kuti mawu aja achokera mwa iwe, azidzakuona bwanji m'mawa uliwonse? Azidzakupatsa bwanji mbale? Bola akwiyire munthu amene sali pakhomo pawo."

"Ndiye nditengeni tipite ku Kabudula."

"Sangalole, ndipo ukudziwa. Kwathu ulibe munda, ulibe mayi. Nanga Yohane, ndimuchotse kumsana kumene wazolowera? Ine ndine wopita ndi kale, mwana wanga, kaya ndi chaka chino kaya cha mawa. Okhala ndinu."

Sindidawamvepo akulankhula mawu ambiri chotero, ndipo sindidawamvenso. Ndidagwira malaya awo, ndidapempha, ndidalumbira kuti sindidzalembanso. Adangochotsa zala zanga chimodzichimodzi, mofatsa, n'kutsogola.

Akuluakulu adakhala pansi pa mtengo wa mango kwa atsibweni, amuna pamipando, amayi pamphasa. Ana sitikhala pa nkhani zotere, choncho ine ndidali m'khitchini yaudzu chapafupi, diso lili pakampata. Atsibweni adalankhula mosakweza mawu. Adafotokoza manyazi amene adagwera mbumba, adafotokoza m'mene a Nambewe adavutikira ndi ana. Kenaka adatembenukira kwa atate, ndipo mawu awo adali ngati a munthu amene akupempha kuti umukanire.

"Alamu, takhala nanu zaka zambiri, sitinayambanepo. Tiuzeni zoona. Kodi mwanayu munamutuma ndinu?"

Atate adali atagwira chipewa pamaondo. Adati, "Nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Mwana ndi wanga, mawu ndi anga. A Nambewe, pepani. Munalera ana anga bwino, ine ndakubwezerani zoipa."

Mawu adali pakhosi panga, athunthu, okonzeka. Kudali kungoimirira, kukankha kachitseko, n'kunena kuti ndine. Masitepe asanu okha. Ndidaluma chitenje mpaka chidanyowa, ndipo sindidaimirire. Mpaka lero sindidziwa ngati kudali kumvera atate kapena mantha chabe. Masiku ena ndimati kumvera. Masiku ambiri ndimadziwa kuti ndidaopa.

Atsibweni adakhala nthawi yaitali akukanda pansi ndi kamtengo. Kenaka adati, "Alamu, mwandimanga manja." Adagwirizana kuti atate akolole chimanga, agulitse fodya wawo, ndipo zikatha ankhoswe adzawasudzule. Nkhoswe wa ku Kabudula adavomera ndi mutu. Padalibe kukalipirana. Anthu adabalalika ngati achokera pamaliro ena.

Miyezi iwiri yotsatirayo ndiyo idandipweteka kuposa tsiku lenilenilo. Tsiku lililonse ndinkaona atate akukonzekera kutisiya, ndipo padalibe chimene ndikadachita. Adakolola, n'kuthira chimanga chonse m'nkhokwe ya a Nambewe, osasungako ngakhale dengu limodzi. Adamata ming'alu ya nyumba imene sadzagonamonso. Adasemera mlongo wanga kampando kakang'ono. Kuchigafa adandiletsa kupita, kuti anthu asanene kuti tayambanso kunong'onezana. Ndinkawaonera patali ndikamapita kumjigo, atawerama, akusankha masamba okha. Kope la masamu lija ndidaliponya pamoto ndikuphika nyemba, masamu ndi ndakatulo zomwe. Madzi akatayika saoleka, koma mwana amayesabe.

Adachoka m'mawa wina wa mwezi wa Juni, kukuzizira, udzu uli mbuu ndi mame. Katundu wawo yense adakwana panjinga: mphasa, kawailesi, khasu limodzi, ndi thumba la zovala. Zaka zonse zija, n'zimene adatuluka nazo. Adatsanzika atsibweni, adagwada pakhomo pa a Nambewe n'kutsanzika chitseko chili chotseka. Yohane adali m'tulo. Ine ndidawaperekeza mpaka pakamlatho ka mitengo kumalire a mudzi, iwo akukankha njinga, ine pambuyo.

Pamlatho adaima. "Kope lija lili kuti?"

"Ndinatentha."

Adapukusa mutu. "Wachita zopusa. Uzilemba. Ine sindidziwa kulira mokweza, iwe uzitilirira tonse papepala." Adandigwira pamutu, pamene tsitsi lidali litameranso, n'kukwera njinga. Ndidaima pamenepo mpaka adabisika ndi mitengo ya bulugamu. Kenaka ndidabwerera, chifukwa mbale zam'mawa zidali zisanatsukidwe.

Padapita zaka ziwiri ndisanalembenso mzere. Nditayambanso, ndinkalemba mobisa, n'kupinda mapepala m'kati mwa buku la nyimbo za kutchalitchi. Sizidabweze atate, sizidachotse ululu. Zinkangondithandiza kufika mawa. Ndikalemba kuti lero ndalephera, ndiye kuti pali wina amene watsala woti alembe, ndipo ameneyo ndiye ankadzuka m'mawa n'kupita kusukulu. Mphamvu zanga zidali zokhazo, zochepa ngati mchere wa m'kapepala, koma ndidafika nazo.

A Nambewe adabwerera m'chimake. Patangotha sabata atate atachoka adayambanso kundikalipira, ndipo ndidadziwa kuti ndakhululukidwa. Adandilera mpaka ndidakula. Tsiku lopita kusekondale adasenza okha chikwama changa pamutu mpaka pamsewu. Koma dzina la atate likatchulidwa ankafinya milomo n'kunena kuti, "Munthu uja anandipweteka." Ine ndinkayang'ana pansi. Atate ankabwera pa Khirisimasi, n'kukhala pakhonde la atsibweni ngati mlendo, Yohane akuwayang'anira kuseri kwa chitseko. Pambuyo pake adakwatira kwawo. Adamwalira ine ndili kukoleji yauphunzitsi, chifuwa chitawavuta nthawi yaitali. Uthenga udandipeza mochedwa, ndidafika ku Kabudula atawaika kale.

Nditabwerako kumaliroko ndidadzera ku Nambuma. Tsiku lina masana ine ndi a Nambewe tidali pakhonde tikuswa mtedza, awiriwiri. Adali atayamba imvi, zidendene zija zitasiya kumveka. Sindikudziwa chidandigwira n'chiyani. Ndidangoti, "Amayi, ndakatulo ija atate sananditume. Ndinalemba ndekha."

Sadasiye kuswa mtedza. Adaswa zitatu, zinayi, n'kuponya makoko pambali.

"Ndinkadziwa," adatero.

Ndidaona ngati khonde lapendekeka. "Munkadziwa? Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku lomwe lija. Bambo ako mawu otere akanawatenga kuti? Munthu woti kupereka moni kokha thukuta kamukamu."

"Nanga bwanji munawalola kuti apite?"

Apa ndiye manja adaima. Adayang'ana kubwalo, kumene kudali nyumba yathu kale, pamene tsopano padali chulu cha dothi chomera maungu.

"Ndikanavomera kuti ndiwe, ndikanakulera bwanji, Feli? Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ana asanu ndi mmodzi, akulu anga ali m'manda. Nanenso ndinalibe wondifunsa ngati ndakhuta. Mtima wanga ukanakana kukukonda, ndipo ndinaopa zimenezo kuposa tchimo. Ndinasankha iwe. Bambo ako tsiku la mlandu lija anandiyang'ana, ndipo anadziwa kuti ndikudziwa."

Ndidafuna kukwiya, mkwiyo sudabwere. Ndidafuna kulira, iwo adandikankhira lichero. Tidapitiriza kuswa mtedza mpaka udatha.

Lero ndine mphunzitsi wa Chichewa cha ku Nsaru, ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana mmodzi amene amandibweretsera pepala lopindapinda, maso ali pansi. Sindimuuza kuti abise ululu wake, pakuti ndikudziwa chimene pepala limachitira munthu amene alibe womuuza. Koma sindithamangira naye pabwalo. Timakhala kaye pansi awiri, n'kumufunsa kuti kunyumba kuli ndani, ndipo ndani adzakhale atabereka mwana kumsana tsiku limene azidzalakatula.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ndakatulo yanga sidaname za ululu, idanama za anthu. Ndinkati ndili ndekha, osadziwa kuti pabwalo limodzi tidalipo atatu, aliyense m'chitsime chake, ndipo awiriwo adagwirizana osakambirana kuti mmodzi achoke kuti ine ndikhale ndi kwathu. Palibe amene adandifunsa, ndipo ngakhale lero sindikuona njira ina imene akadatsata. Koma ku Nambuma alipobe anthu amene dzina la atate likamveka amati, mkamwini uja amene adatuma mwana kukanyoza mbumba. Atate adalowa m'manda atasenza mlandu wanga, ndipo palibe bwalo limene ndingakaumasule. Ndatsala ndi pepala lokha, ndiye ndinene pano, ngakhale ndachedwa zaka zonsezi: atate anga sadanditume. Ndakatulo ija ndidalemba ndekha.